Tambala Amene Ndinamana Mwamuna Wanga

Kumudzi kuno, pakati pa Jenda ndi Embangweni, mukafunsa za ine sakuuzani kuti ndi mayi uja amaweta nkhuku za kameta, ngakhale theka la nkhuku za m'mudzi muno ndi zidzukulu za m'khola mwanga. Akuuzani kuti ndi Mchewa uja anamana mwamuna wake tambala. Sindikana. Ndinamumanadi, dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa amayi ake omubereka, ndipo zitati zibwerenso ndikhoza kumumananso. Chimene chimandinyansa n'choti okamba nkhaniyi amaiyambira pakati, ngati ndinangodzuka tsiku lina n'kupenga. Ndiye ndiikambe ndekha kuchokera pomwe inayambira.

Ine kwathu ndi ku Dowa. Kuno ndinabwera ndi ukwati, ng'ombe zitaperekedwa, ndipo sindinachedwe kuphunzira kuti mkazi wolowoledwa alibe chake. Munda ndi wa kuchimuna, ana ndi a kuchimuna, ngakhale mthunzi wa mango umene wadzala wekha. Chomwe ndinabwera nacho changachanga linali dengu, m'dengumo muli misoti iwiri ya kameta, nkhuku zija zopanda nthenga m'khosi. Apongozi anga aakazi atasuzumira m'dengumo anaseka mpaka kugwira nthiti. Amati mkamwana wabwera ndi nkhuku zosavala. Mkamwanayo ndi ine, ndimo amaitanira mkazi wa mwana wawo kuno.

Ndinawasiya aseke. Ndinali nditaona kale vuto la nkhuku za pamudzi pano. Kukabwera mlendo, anthu amaloza tambala wamkulu kuposa onse n'kupha, kuti mlendo akakambe bwino kwawo. Mlendo wina akabwera, wotsatira kukula uja wapita. Otsala kuti akwere matadzi ndi tiatambala tonyentchera tomwe palibe anatifuna. Ndiye pakapita zaka anthu n'kumadabwa kuti nkhuku zawo zikufanana ndi nkhunda, n'kumati nthaka yatha. Nthaka yatani? Mwadya mbewu!

Ine ndinachita zosiyana. Tambala wamkulu sindinkamukhudza, mlendo ankadya wachiwiri. Mazira ndinkasankha a matadzi akuluakulu, n'kuwalemba ndi khala kuti ndisasokoneze, kenako n'kuwaika pansi pa thadzi lodziwa kufungatira, chifukwa si nkhuku iliyonse yoikira bwino imene imalera bwino. Chaka china ndinakwera minibasi mpaka ku Mzimba boma kukatenga tambala wakuda wa mikolongwe, ndinabwera naye pamiyendo njira yonse akundinyerera pachitenje. Ana ake ndi makameta anga anatuluka nkhuku zomwe anthu ankaima panjira kuziyang'ana: zazitali, zachifuwa, khosi lofiira psuu, zosaopa kutentha. Patatha zaka zisanu ndi zitatu m'khola munali nkhuku makumi atatu ndi zinayi. Apongozi aja anali atasiya kuseka, tsopano ankauza anzawo kutchalitchi kuti nkhuku za mwana wawo zaswana.

Mwana wawoyo, bambo a ana anga, nthawi imeneyo anali ku Joni monga amuna ambiri a kuno. Za iye sindinena choipa. Ndi munthu wofatsa, wosamwa, ndipo chilichonse chimene ankapeza kumeneko chinkafika pakhomo pano kudzera kwa matransipota, anthu aja amanyamula katundu pakati pa Joni ndi kuno. Anali atatha zaka zinayi osabwera.

Chitopa chinalowa m'khola mwanga pamutu pa apongozi, m'dengu. Unali mwezi wa Seputembala, kamphepo kotentha kaja katayamba. Anachokera kumsika ku Jenda atagula matadzi awiri, akumwetulira kuti awapeza motchipa chomene. Nyengo imeneyo nkhuku ikatchipa, dziwani kuti mwini wake akuthawa maliro a m'khola. Ndinagwada n'kuwapempha kuti tiyambe tazimangirira kuseri kwa nkhokwe milungu iwiri tione.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Khola ili n'la mwana wanga," anatero. "Kapena unabwera nalo kuchokera ku Dowa?"

Anazitsekulira okha. Koma ndisawasenzetse zonse, nanenso ndili ndi mbali yanga. Katemera uja wodontheza m'diso ndinali nditapereka kumayambiriro kwa dzinja, ndipo nthawi yobwereza inali itakwana kale. Wotemera anachedwa kuzungulira, ine n'kumati mawa, mawa, m'malo mokamutsata. Mpaka lero ndikakumbukira ndimadzitukwana ndekha.

Pa tsiku lachinayi matadzi ogula aja anavala jekete, mapiko ali lende, akuodzera masana. Tsiku lotsatira zanga zinayamba. Chitosi chobiriwira paliponse, kupuma kochita kumveka uli m'nyumba. M'mawa uliwonse ndinkatsekula khola n'kutola, lero zitatu, mawa zisanu ndi imodzi. Thadzi langa lofungatira bwino lija ndinalipeza litaumira pamazira. Anthu anabwera ndi mbale kudzapempha zakufazo kuti akadye, ine ndinakana. Ndinakumba dzenje lofika m'chiuno, ndinkaponyamo n'kuwotcha n'kukwirira, chifukwa nthenga za nkhuku yososoledwa pabwalo ndi zomwe zimatengera matenda khomo lina. Anati Mchewayu ndi woumira, akukwirira ndiwo. Sizinathandizenso, chitopa chinasesa mudzi wonse. Kwa milungu ingapo kunkacha popanda tambala wolira, anthu mpaka kumachedwa kudimba.

Kwa ine kunatsala zitatu. Misoti iwiri yomwe inali isanayambe kuikira, ndi tambala wanga wamkulu, mdzukulu wa wakuda uja. Iyeyo anadwala zedi. Anagona chammbali masiku asanu, ine n'kumamutsekula mlomo kumudonthezera madzi ndi phala la madeya pa supuni. Anadzuka, koma matenda anamusiyira chilema. Khosi linapindika, diso limodzi limayang'ana kumwamba, ndipo akafuna kujompha chimanga amayamba waphonya kawiri. Kunena zoona anali wonyansa. Koma zaka zanga zisanu ndi zitatu zonse zinali mwa iyeyo, ndipo m'midzi yonse yozungulira munalibe tambala wina wamoyo. Akanafa misoti ija isanaikire mazira ake, mtundu wanga wa nkhuku ukanathera pomwepo.

Disembala atayamba, misoti ija malipombo anayamba kufiira, kusonyeza kuti kuikira kwayandikira. Sabata yomweyo foni inalira. Bambo a ana akubwera, apatsidwa milungu itatu.

Ndinasangalala, musandiyese mwala. Ndinazira nyumba, ndinachapa makatani, ndinakamangitsa tsitsi ku Jenda. Anafika masana pa galimoto ya matransipota yokoka ngolo, atawonda pang'ono, imvi zitayamba m'mbali. Ana anamukwera ngati mtengo. Abale anadzaza pabwalo, monire, monire, yewo, yewo. Ine ndinali kukhitchini, ndikudziwa chimene chikubwera.

Mwambo wake ndi wotere. Munthu wochokera kutali amalandiridwa ndi nkhuku ya pakhomo. Imagwidwa, n'kupita nayo kwa iye ili yamoyo, aigwire ndi manja ake, athokoze, kenako ikaphedwe. Yogula kumsika siiwerengedwa, ndipo msoti woti sunaikirepo suphedwa tambala alipo.

Apongozi anaima pakhomo la khitchini. "Mkamwana, kora tambala." Ndiko kuti, gwira tambala.

Ndinagwada monga mwa ulemu. Ndinati, "Amama, ndapota, tambala yekhayo ayi. Mawa m'mawa ndipita ku Jenda, ndikagula nyama ya ng'ombe, ndikagulanso nkhuku yopha kale. Uyu mundipatse masiku ochepa, misoti iikire."

"Mwana wanga wayenda masiku atatu kuti adzadye nyama ya pabutchala? Tambala wopindika khosi ngati uyo ukumusungira chiyani? Mlendo ndi mame, mwana iwe. Kora tambala!"

Anakweza mawu dala kuti pabwalo pamve, ndipo panamvadi, nkhani zonse zinaima. Ndinakumbukira dengu lija la ku Jenda, ndinakumbukira dzenje lofika m'chiuno. Ndinadzuka pomwe ndinagwada, ndinatuluka panja, ndipo ndinawayankha m'chinenero chawo chomwe kuti pasapezeke wonena kuti sanamve.

"Nakana, amama."

Mlamu wanga wina anagwira pakamwa. Ndinapitiriza, poti pakamwa pangapa pakatseguka sipatsekeka msanga. Ndinati nkhuku makumi atatu ndi imodzi ndakwirira ndekha ndi manja awa, palibe anabwera kudzandigwirira khasu, lero yatsala imodziyi ndiye mwaikumbukira kuti ndi ya mwana wanu? Ndinapita kukhola, ndinalowetsa tambala uja ndi misoti yake, ndinatenga loko wa pasutikesi yanga n'kukhoma. Kiyi ndinamumanga pa chingwe n'kuvala m'khosi, aliyense akuona.

Bambo a ana sanakalipe. Bola akanakalipa. Anandiitana kuseri kwa nyumba n'kulankhula motsitsa mawu. Anati, "Amake ana, zaka zinayi ndakhala ndikudya nkhuku za m'firiji, zidutswa zosadziwika mutu wake. Njira yonse ndimaganiza kuti ndikafika kwathu mkazi wanga adzandigwiritsa nkhuku ya pakhomo panga. Si nyama imene ndikufuna ayi."

Mawu amenewo anandilasa, sindibisa. Ndinamufotokozera zonse, za mbewu, za misoti, za masiku ochepa. Ndinalumbira kuti ndikangotsimikiza kuti mazira ali ndi ana, tambalayo ndidzamuphera ndekha asananyamuke. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kungoti, "Mbwenu," ndiko kuti basi. Anabwerera pabwalo. Tsiku limenelo anadyera nyemba ndi bowa.

M'mawa mwake apongozi anatuma uthenga kwa achibale awo a cha ku Luwawa, kumene chitopa sichinafike, ndipo pofika madzulo kunabwera tambala woyera pa njinga. Anamugwiritsa mwana wawo pakhonde la nyumba yawo, anthu akuombera m'manja, ine ndikuonera patali ndi mtondo wanga. Mwamuna wanga analandiridwa ndi nkhuku ya eni, pakhomo pa amake, ngati mbeta yachimuna. Manyazi ake anali anga, ndipo kuchitsime azimayi ankasiya kulankhula ndikafika. Wina anachita kundifunsa m'maso kuti kodi tambalayo ndi amene anakulowola? Ndinamuyankha kuti ayi, koma chitopa chikadzatha mudzabwera nonse kudzapempha anapiye, ndipo iweyo udzakhala woyamba. Anabweradi, kungoti anakhala wachiwiri.

Kuyambira tsiku limenelo bambo a ana ankadya kwa amake. Kunyumba ankabwera kudzagona ndi kucheza ndi ana. Ine ankandipatsa moni bwinobwino, monga mmene umapatsira moni mkazi wa mnzako. Anandibweretsera nsapato ndi foni yatsopano, anandipatsa mwaulemu, ndinathokoza mwaulemu. Zinkandipweteka koopsa, koma kiyi sindinamuvule.

Msoti woyamba unaikira pa tsiku lachisanu chifikireni mwamuna wanga, wachiwiri tsiku lotsatira. Apa panali mavuto awiri. Loyamba, tambala wanga ndi khosi lakelo akati akwere msoti ankagwera kumbali ngati woledzera, ndiye sindinkadziwa ngati mazirawo ali ndi kanthu m'kati kapena ndi ongodya. Lachiwiri, msoti suyamba kufungatira usanamalize kuikira, ndipo ine masiku odikira ndinalibe.

Anandipulumutsa ndi mayi wina woyandikana nafe, mkazi wa aphunzitsi, yemwe amaweta abakha. Abakha chitopa sichiwagwetsa, ndipo bakha wake mmodzi anali atakhalira mazira pafupifupi milungu iwiri. Bakha amakhalira milungu isanu, nkhuku itatu, ndiye mukaika mazira a nkhuku nthawi imeneyo zonse zimaswa pamodzi. Mayiyo anaopa kaye kuti apongozi anga amuda. Ndinamulonjeza msoti umodzi mwa anapiyewo, anavomera. Ndinatenga mazira asanu ndi awiri, ndinawalemba ndi khala, ndinawabisa m'mbale yovundikira ngati ndikukapempha mchere. Bakhayo anandijompha padzanja mpaka magazi, koma anawakhalira.

Dzira limafuna sabata yathunthu kuti lionetse chimene lili nacho. Sabata imeneyo inali yaitali kuposa zaka zinayi zija. Khirisimasi inadutsa, ine ndikuphika mpunga umene mwamuna wanga anangolawa. Apongozi anaitanitsa akuluakulu a banja kuti andilangize, ndinakhala pamphasa mutu uli pansi, ndinayankha yewo pa chilichonse, koma atafika pa kiyi ndinati ayi. Wakwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima.

Sabata inakwana kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke. Ndinapita kwa mkazi wa aphunzitsi masana, tinatseka chitseko ndi mawindo, tinafunda bulangete kumutu tonse awiri ngati ana, ndipo ndinayatsa tochi ya foni yatsopano ija pansi pa dzira loyamba. Linali loyera mbee, lopanda kanthu. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinati Mulungu wanga, ndaononga banja chifukwa cha mazira okazinga. Lachitatu ndinaona timitsempha tofiira tatambasuka ngati mizu, pakati pali kadontho kakuda. Kadonthoko kanasuntha. Ndinakuwa m'bulangetemo mpaka mnzangayo ananditseka pakamwa. Asanu mwa asanu ndi awiri aja anali ndi ana.

Lonjezo ndi lonjezo. Kutangocha ndinavula kiyi m'khosi n'kutsekula khola. Kuno nkhuku amapha ndi amuna, koma uyu sindinafune kuti wina amukhudze. Ndinamunyamula kupita naye kuseri kwa nkhokwe. Sanavute, anali atazolowera manja anga kuyambira nthawi ya supuni ija. Anandiyang'ana ndi diso lake lopenya kumwambalo. Ndinamuuza kuti wagwira ntchito, bambo, pepa. Mpeni unavuta kupeza malo pakhosi lopindikalo, ndipo ndinalira ngati wafa ndi munthu.

Ndinamuwiritsa nthawi yaitali chifukwa anali wokhwima, kenako ndinamukazinga mouma kuti asaonongeke panjira, mchere ndi tsabola pang'ono monga amakondera mwini wake. Ndinalongedza m'kontena yatsopano, nthutumba pamwamba penipeni, poti imeneyo ndi ya bambo wa pakhomo, mkazi sailawa. Ndinakulunga m'chitenje. Pakhomo sindinanene kanthu, anthu anali ambiri otsanzikana naye, ndipo sindinafune kuti apongozi aone ngati ndagonja.

Ndinamuperekeza ndekha mpaka ku Jenda. Tinaima pamsewu waukulu pafupi ndi azimayi ogulitsa tomato ndi mbatata, kudikira basi ya ku Lilongwe komwe akakwere ya ku Joni. Basi itaonekera patali ndinamasula chitenje chija, ndinapinda maondo n'kumupatsa ndi manja awiri.

Ndinati, "Abambo, tambala uja ndi uyu. Mazira agwira, asanu. Ndinalonjeza."

Anatsekula, anayang'ana nthawi yaitali. Fungo linatuluka mpaka mayi wa tomato anacheuka. Ndinaona kukhosi kwake kukuyenda, ndinati basi adya, zatha. Koma anatseka bwinobwino, anadina m'mbali monse kuti chivundikiro chigwire, n'kundibwezera m'manja.

"Nkhuku ndi ya pofika, amake ana. Iyi ndi kamba chabe, ndipo kamba andikonzera kale amama." Sananene mokwiya ayi. Anandigwira paphewa, anati ndisamale ana, anakwera. Anakhala mbali ya kutali ndi ine, sindinathe ngakhale kumubayibitsa.

Ndinaima pamenepo ndi kontena yanga mpaka basi inazimiririka. Kubwerera nayo kumudzi kunali kukaipereka kwa apongozi kuti agawe, ntchafu kwa uyu, chidale kwa uyo, akuseka kuti Mchewa wapha tambala wake pachabe. Ndinati zimenezo ndiye ayi.

Ndinakhala pansi pakhonde la golosale, miyendo tambalale, anthu akudutsa. Ndinatsekula n'kuyamba ndi nthutumba. Mayi wa tomato uja anangoti kukamwa yasa, ndinamuyang'ana mpaka anayang'ana kumbali. Nyama inali yolimba, misozi inkagwera m'kontena momwemo, mamina ndikupukutira pachitenje, koma ndinadya. Ntchafu zonse ziwiri, chidale, mapiko, msana, mpaka khosi lopindika lija ndinalikungudza fupa ndi fupa. Mimba inakhuta ndili pakati, ndinapumira, n'kupitiriza. Galu wina anabwera kudzakhala patsogolo panga akugwedeza mchira, ndinamuthamangitsa, ndipo mafupa ndinawamanga m'chitenje kukakwirira kunyumba.